Ku Georgia, woyeza pampu ya petulo naye amapempha voti

Pamalo pomwe ndimamwetsera galimoto ku Lawrenceville, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Atlanta, pampu iliyonse ili ndi kapepala komata pafupi ndi pomwe pamathamanga manambala a ndalama. Zaka zinadutsa ndikukaona koma osakawerenga. Tsiku lina mu Okutobala 2022 pampu inkatulutsa mafuta mwaulesi, ndiye posowa chochita ndinawerama n'kuwerenga. Kanalembedwa kuti pampuyo inayesedwa ndi nthambi ya zaulimi ya chigawo cha Georgia, ndipo pansi pake panali dzina la mkulu wa nthambiyo, Gary Black.

Usiku womwewo ndinatsegula pa foni chitsanzo cha pepala lovotera, poti chimenecho chinali chisankho changa choyamba chitengereni unzika wa dziko lino. Ndinatsetsereka ndi chala, kudutsa a ku Seneti, kudutsa bwanamkubwa, mpaka ndinakumana nawo mpando uja wa komishonala wa zaulimi. A Black anali akuchoka, ndipo amene ankalimbirana kwambiri malo awo anali Tyler Harper wa chipani cha Republican ndi Nakita Hemingway wa Democratic. Ndinaseka ndekha. Munthu woonetsetsa kuti galoni ndi galonidi, komanso kuti sikelo ya m'butchala sikuba, amayenera kuyenda m'matchalitchi ndi m'mabwalo kukapempha voti yanga.

Nditawauza achimwene anga ku Kasungu, amene wailesi saichotsa kukhutu, iwo anayamba ndi lawo funso.

"Iwe, chisankho chinanso? Si dzana lomweli mwamuchotsa Trump?"

"Chimenecho chinali cha pulezidenti, achimwene. Ichi n'cha pakati."

"Pakati pa chiyani?"

Pakati pa teremu. Pulezidenti wa America amakhala pampando zaka zinayi, ndipo zikatha ziwiri anthu amabwereranso ku malo oponyera voti, Lachiwiri lotsatana ndi Lolemba loyamba la Novembala. Tsiku limenelo mipando yonse 435 ya aphungu ku Washington imakhala pamzere, pamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando 100 ya ku Seneti. Zimenezi ndi zomwe mawailesi akunja amakonda kukamba. Koma m'zigawo 36 mwa zigawo 50 za dzikoli, tsiku lomwelo amasankhanso bwanamkubwa, amene ena amati gavanala. Ndipo chigawo cha ku America si chigawo ngati chathu chapakati kapena chakumwera. Georgia ili ndi malamulo akeake, nyumba yake ya malamulo, makhoti ake, ndende zake, misonkho yake, ndi anthu pafupifupi 11 miliyoni. Ndi dziko laling'ono m'kati mwa dziko lalikulu.

Chomwe chinawadabwitsa kwambiri achimwene n'chakuti bwanamkubwa sasankha yekha anthu ogwira nawo ntchito pamwamba. Kwathu pulezidenti akalumbira timadikira pa wailesi kuti titchere khutu nduna zake, ndipo yemwe wamulemba lero atha kumuonetsa msana wa njira mawa. Ku Georgia mipando isanu ndi itatu imavoteredwa payokhapayokha ndi chigawo chonse. Kupatula bwanamkubwa pali wachiwiri wake, mlembi wamkulu wa chigawo, loya wamkulu wa boma, komishonala wa zaulimi uja, wa za inshuwalansi amene amayang'aniranso zachitetezo cha moto m'nyumba zikuluzikulu, wa zantchito amene amagawa ndalama zothandizira ochotsedwa ntchito, ndi woyang'anira sukulu za boma. Aliyense wa awa bwana wake ndi wovota. Bwanamkubwa atha kumukwiyira loya wamkulu mpaka kusiya kumupatsa moni, koma kumuchotsa ayi.

Wachiwiri wa bwanamkubwa naye sakwera pamsana pa bwana wake. Amaima payekha, napambana payekha, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kutsogolera zokambirana mu Seneti ya chigawo. Mu 2002 anthu anasankha Sonny Perdue wa Republican kukhala bwanamkubwa, woyamba wa chipanicho patadutsa zaka zoposa 100, koma tsiku lomwelo anabwezera Mark Taylor wa Democratic pa uchiwiri. Awiriwo anakhala nyumba imodzi zaka zinayi, mu 2006 n'kupikisana okhaokha. Achimwene atamva izi anangoti, "Bola kumeneko amadana poyera kuyambira pachiyambi." Sanafunike kutchula maina. Tonse tikukumbukira momwe zinathera pakati pa Bingu wa Mutharika ndi Joyce Banda, komanso pakati pa Peter Mutharika ndi Saulos Chilima, anthu amene analowa m'boma atagwirana manja papepala limodzi.

Ngakhale mphamvu yokhululukira akaidi, yomwe kwathu pulezidenti amaionetsa pa zikondwerero, bwanamkubwa wa Georgia alibe. Inaperekedwa ku bungwe lapadera mu 1943, anthu atatopa ndi mbiri yoti zikhululukiro zinkagulitsidwa. Maganizo a dongosolo lonseli ndi omwewo, kuti nkhokwe isakhale ndi kiyi mmodzi. Komabe tisanamizane, bwanamkubwa si munthu wamba. Ndiye amakonza bajeti, amasaina kapena kukana malamulo, amadzaza mipando ya oweruza ikatsala yopanda munthu. Lamulo la 2019 loletsa kuchotsa pakati pakangokwana pafupifupi masabata asanu ndi umodzi anasaina ndi bwanamkubwa, ndipo wokaliteteza kukhoti anali loya wamkulu, Chris Carr. Onse awiri anasankhidwa pa chisankho cha pakati, chomwe anthu ambiri amachiona ngati chopepuka.

Kupepukako kumaoneka pa manambala. Pa chisankho cha pulezidenti mu 2020 mavoti a ku Georgia anafika pafupifupi 5 miliyoni. Pa zapakati za 2018 ndi 2022 anali cha m'ma 3.9 miliyoni, ndipo kuno chimenecho amachitcha chinamtindi. Anthu okwana miliyoni yathunthu amatsala kunyumba. Mwa opitawo, ambiri amadziwa dzina la bwanamkubwa basi, kwinako amangotsata kachilembo ka chipani kali pambali pa dzina. Apa ndiye pomwe ine ndimakayikira ngati nzeru yovotera aliyense ndi nzeru nthawi zonse. Mu 2018 anthu anasankha Jim Beck kukhala komishonala wa inshuwalansi. Atangokhala miyezi inayi pampando anazengedwa mlandu wakuba ndalama zoposa madola 2 miliyoni ku bungwe la inshuwalansi lomwe ankaliyendetsa asanaime. Mu 2021 khoti linamupeza wolakwa, n'kumulamula kukaseweza zaka zoposa zisanu ndi ziwiri. Anthu pafupifupi 2 miliyoni anamuvotera munthu ameneyu, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri akanakumana naye mu sitolo sakanamuzindikira.

Mpando womwe wandigwira mtima kuposa yonse ndi wa mlembi wamkulu wa chigawo. Dzina lake n'lozizira ngati phala la dzulo. Ukamva "mlembi" umaganiza za munthu wosunga mafailo, ndipo n'zoona, amasungadi. Ukafuna kulembetsa kampani umapita kwa iye. Chiphaso cha unamwino cha mayi a kunyumba kwanga chimadutsa mu ofesi yake, chimodzimodzi cha ometa tsitsi ndi okonza mapaipi. Koma munthu yemweyu ndiye amasunga kaundula wa ovota m'chigawo chonse, ndipo mavoti akawerengedwa m'maboma ang'onoang'ono 159 omwe kuno amati makaunte, ndi iye amasonkhanitsa zotsatira n'kuzitsimikiza. Ntchito yomwe kwathu imagwiridwa ndi bungwe la MEC, lotsogozedwa ndi woweruza milandu, kuno mbali yaikulu ili m'manja mwa wandale wa chipani, amene naye dzina lake lili papepala lomwelo.

Anthu a ku Georgia ali ndi nkhani yomwe amaikonda ya mpando umenewu. Mu Novembala 1946 Eugene Talmadge anapambana ubwanamkubwa, koma anamwalira mu Disembala asanalumbire. Anthu atatu anadzuka, aliyense akuti mpando ndi wake. Nyumba ya malamulo inasankha mwana wa malemuyo, Herman Talmadge, potengera mavoti ochepa a anthu amene anachita kulemba dzina lake ndi manja papepala. Pambuyo pake mtolankhani wina anapeza kuti ena mwa "ovota" a ku Telfair, kwawo kwa a Talmadge, anali anthu omwalira kalekale, ndipo anavota motsatira ndondomeko ya zilembo. Melvin Thompson, amene anali atangosankhidwa kukhala wachiwiri, anati malamulo akuloza iye. Bwanamkubwa wotuluka, Ellis Arnall, anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti sachoka mpaka khoti liyankhule. Herman anasinthitsa maloko a ofesi usiku, Arnall n'kukakhazika tebulo lake pabwalo la m'kati mwa nyumba ya boma ku Atlanta.

Zinthu zitafika pa mwana wakana phala chonchi, mlembi wamkulu, Ben Fortson, anachita chinthu chimodzi chokha. Chikalata chilichonse cha bwanamkubwa chinkafunika chidindo chachikulu cha chigawo, ndipo wosunga chidindocho anali iye. Fortson ankayendera njinga ya anthu olumala chichitireni ngozi ya galimoto ali mnyamata. Anatenga chidindo chija n'kuchibisa pansi pa khushoni ya njinga yake, n'kuchikhalira. Abwanamkubwa onse atatu analephera kudinda kanthu. Mu Malichi 1947 khoti lalikulu la chigawo linagamula mokomera Thompson, chidindo n'kutuluka. Fortson anakhalabe pampando wake mpaka anamwalira mu 1979.

Zaka 71 zitadutsa kuchokera mu 1947, mpando womwewo unali pakati pa mkangano wina, koma ulendo uno mlembi sanakhalire chidindo, anachigwira m'manja akuthamanga nawo mpikisano. Brian Kemp anali mlembi wamkulu kuyambira 2010. Mu 2018 anaimira Republican pa ubwanamkubwa, moyang'anizana ndi Stacey Abrams, loya amene anatsogolerapo aphungu a Democratic m'nyumba ya malamulo ya chigawo. Akanapambana, Abrams akanakhala mayi woyamba wachikuda kukhala bwanamkubwa m'mbiri yonse ya America. Anthu ambiri, kuphatikizapo Jimmy Carter, mlimi wa mtedza wa ku Plains amene anakhalapo bwanamkubwa wa Georgia asanakhale pulezidenti, anapempha Kemp kuti atule pansi ulembi asanapikisane. Iye anakana. Wosewera yemweyo, woimbira yemweyo.

Madandaulo sanali ongopeka. Mu 2017 ofesi yake inafufuta m'kaundula maina oposa theka la miliyoni, ena a anthu omwalira kapena osamuka, ena a anthu amene anangokhala zaka zingapo osavota. Kutatsala mwezi umodzi kuti chisankho chichitike, zinadziwika kuti mafomu pafupifupi 53,000 a olembetsa anali ataimikidwa chifukwa dzina la pafomu silinafanane ndendende ndi la m'mabuku ena a boma, mwina kachilembo kamodzi, mwina kamzere ka pakati pa maina awiri. Ambiri mwa eni mafomuwo anali achikuda. Ife a maina onga athuwa, omwe azungu amawalemba mwanjira zitatu patsamba limodzi, nkhani imeneyi timaimva m'mafupa. Kemp ankayankha kuti akungotsata malamulo omwe aphungu anakhazikitsa, kuti oimikidwawo atha kuvota akaonetsa chitupa, ndiponso kuti chiwerengero cha olembetsa chinali chitakwera kuposa kale lonse. Zonsezi zinali zoona. Koma zinkachokera pakamwa pa munthu amene ankapindula ngati ovota a mbali inayo achepa.

Kemp anapambana ndi mavoti pafupifupi 55,000, kutanthauza 50.2 peresenti, Abrams 48.8. Anatula ulembi patapita masiku awiri. Abrams anadikira masiku khumi, kenako anavomereza kuti Kemp ndiye akhale bwanamkubwa mwalamulo, koma anakana kunena kuti chisankho chinayenda mwachilungamo. Bungwe lomwe anayambitsa, Fair Fight, linakasuma, ndipo mlandu unatha mu Seputembala 2022 woweruza atagamula kuti kayendetsedwe ka zisankho ka Georgia, ngakhale kali ndi zofooka, sikanaphwanye malamulo pa mfundo zomwe zinatsala pamlanduwo. Mpaka lero ukafunsa anthu awiri pa basi ya ku Atlanta ngati Abrams anaberedwa, ulandira mayankho awiri. Langa ndi lakuti palibe anasonyeza kuti mavoti anabedwa, koma chikaiko chonsecho chikanapeweka munthu mmodzi akanangosiya kiyi pa tebulo miyezi ingapo.

Pamene maso onse anali pa awiriwa, pansi pa pepala panali mpikisano wa wolowa m'malo mwa Kemp. Palibe anafika theka, ndiye unapita ku ndime yachiwiri pa 4 Disembala 2018, ndipo ovota sanafike ngakhale theka la a mu Novembala. Anapambana ndi injiniya wina wofatsa, wa dzina lovuta kutchula, Brad Raffensperger. Kunja kwa Georgia panalibe womudziwa. Patatha zaka ziwiri Joe Biden anapambana m'chigawochi ndi mavoti 11,779 okha. Mapepala pafupifupi 5 miliyoni anawerengedwanso ndi manja, limodzilimodzi, kenako ndi makina, wopambana osasintha. Pa 2 Januwale 2021 Pulezidenti Donald Trump anamuimbira foni mlembiyu, wa chipani chake chomwe, nayankhula pafupifupi ola lathunthu, kumuuza kuti akufuna apezeke mavoti 11,780. Raffensperger anamuyankha mwaulemu kuti manambala omwe ali nawo pulezidenti ndi olakwika. Mawu a foniyo anajambulidwa, ndipo mawa lake dziko lonse linawamva. Iye ndi mkazi wake analandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa.

Sindikufuna kumuveka mwinjiro wa mngelo. Raffensperger yemweyo anaikira kumbuyo lamulo latsopano la zisankho la mu Malichi 2021, lomwe a Democratic analitsutsa kwambiri, ngakhale kuti lamulolo linamulanda upampando wa bungwe loona za malamulo a zisankho m'chigawo. Koma zoti tsiku lina mbiri ya America inatsamira pa munthu wosankhidwa mu Disembala wozizira, anthu ambiri ali kalikiliki kugula za Khirisimasi, zimenezo sizitsutsika.

Trump sanaiwale. Pa zisankho zachipulula za Meyi 2022 anatumiza anthu ake kuti akagwetse onse amene anamukana. David Perdue, amene anakhalapo ku Seneti, anaima kulimbana ndi Kemp, poti Kemp naye anasaina zotsatira za 2020. Phungu Jody Hice analimbana ndi Raffensperger. Onse awiri anagwa chagada. Kemp anatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mavoti, Raffensperger n'kudumpha theka popanda ndime yachiwiri. Mwa anthu a Trump pamipando ikuluikulu ya chigawo, amene anadutsa ndi Burt Jones, pa uchiwiri.

Ine ndinakavota kusanafike tsiku lenilenilo, poti kuno malo ena amatsegulidwa kwa masabata atatu chisankho chisanachitike, ndipo mu 2022 anthu oposa 2 miliyoni anachita chimodzimodzi. Ndinatengana ndi mayi wina wachikulire woyandikana naye nyumba, wobadwira kumwera kwa Georgia masiku a tsankho, amene makolo ake anayamba kuvota iye ali kale mtsikana wamkulu. Anatuluka atavala ngati wa ku tchalitchi, m'chikwama muli botolo la madzi. Lamulo la 2021 lija linaletsa kugawira madzi kapena chakudya anthu a pamzere pafupi ndi malo ovotera, ati poopa okopa anthu mobisa. Mayiwo sanadandaule, anangoti kuyambira kale amadzinyamulira.

Tili m'galimoto anandifunsa ngati ndawerenga pepala lonse.

"Ndawerenga, mayi. Bwanamkubwa ndamudziwa, wa ku Seneti ndamudziwa."

"Mwana wanga, ukamaphunzira pepala limeneli uziyambira pansi. A pamwambawo akuuza okha maina awo pa TV mpaka utatopa. A pansiwo ndiwo ukumane nawo."

Pamzere tinakhala mphindi ngati 20. Ndinaonetsa laisensi ya galimoto, anandipatsa kakhadi kolowetsa m'makina okhala ngati TV yaing'ono, ndipo mipando inkabwera umodziumodzi ndikudina ndi chala. Pomaliza makina anasindikiza pepala lokhala ndi maina omwe ndasankha, ndinaliwerenga kawiri, n'kukalilowetsa m'makina ena owerengera omwe analimeza n'kulisunga m'bokosi. Mapepala otere ndi omwe anatheka kuwerengedwa ndi manja mu 2020. Kuyambira 2002 mpaka 2019 Georgia inkavota ndi makina osasiya pepala lililonse, ndipo ndimadzifunsa kuti mkangano uja ukanatha bwanji akanakhala akadali omwewo. Palibe anandiviika chala mu inki. Potuluka anandimata kasitika pachifuwa, kali ndi chithunzi cha pichesi, chipatso chomwe chigawochi chimanyadira ngakhale kuti ndalama zenizeni za alimi ake zili mu nkhuku, thonje ndi mtedza. Pafupifupi theka la mtedza wonse wa America umalimidwa kuno, ndipo achimwene ku Kasungu atamva zimenezi anayamba kumulemekeza komishonala wa zaulimi.

Zotsatira za pa 8 Novembala zinaonetsa kuti si onse amangotsata kachilembo. Kemp anagonjetsanso Abrams, ulendo uno momveka bwino, 53 peresenti kwa 46, ndipo Abrams anavomera usiku womwewo. Raffensperger anaposa Bee Nguyen ndi mpata waukulu kuposa pamenepo. Mipando yonse isanu ndi itatu inapita ku Republican. Koma pa Seneti ya ku Washington, Herschel Walker, katswiri wakale wa mpira wa ku America amene Trump anamukonda, anapeza mavoti ochepa ndi pafupifupi 200,000 poyerekeza ndi Kemp, mnzake wa chipani chimodzi, papepala limodzi, tsiku limodzi. Anthu ochuluka chotere anadina Republican pamzere wina n'kumudumpha pa wina. M'busa Raphael Warnock wa Democratic, amene amalalikira pa tchalitchi cha Ebenezer pomwe ankalalikira Martin Luther King Jr., anatsogola pang'ono koma sanafike theka. Tinabwereranso pa 6 Disembala, Warnock n'kupambana.

Nkhani ya theka imeneyi achimwene anaimva msanga, poti 50+1 ndi mawu omwe Mmalawi aliyense anawaphunzira pa 3 Febuluwale 2020, khoti litafafaniza chisankho cha 2019 chomwe wopambana analengezedwa ndi mavoti osakwana 39 peresenti. Kwa ife lamuloli linabwera ngati mankhwala. Ku Georgia linabadwa mwina. Kale chigawochi chinkawerenga zachipulula potengera makaunte, mwakuti kakaunte ka kumudzi ka anthu ochepa kankalemera kwambiri poyerekeza ndi chikhamu cha ku Atlanta. Khoti lalikulu la America litathetsa zimenezo mu 1963, phungu wina wa ku Macon, Denmark Groover, wokakamira tsankho, anakankha lamulo loti wopambana azidutsa theka. Mantha ake anali akuti azungu akagawikana pa anthu angapo, achikuda ovota mogwirizana atha kulowetsa munthu wawo. Ndime yachiwiri inkapatsa azungu mpata wokumananso pa munthu mmodzi. Lamulolo linakhazikika mu 1964 ndipo likadalipo, m'zigawo zina zambiri mulibe. Mpeni womwewo, wina anausula kuti asendere mbatata, wina kuti abayire mnzake. Mu 2018 Abrams anaperewera mavoti pafupifupi 18,000 kuti lamulo la Groover limupatse mwayi wachiwiri, ndipo mu 2021 ndi 2022 ndime yachiwiri yomweyo ndi imene inatumiza m'busa wachikuda ku Seneti.

Panali mzere wina womwe unayenera kukhala papepala langa mu 2022 koma sunaoneke. Georgia ili ndi bungwe la anthu asanu, ovoteredwa ndi chigawo chonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, lomwe limavomereza mitengo ya magetsi ya kampani ya Georgia Power. Kutatsala miyezi itatu, woweruza anaimitsa chisankho cha mipando iwiri ya bungweli, ati kuvotera anthuwa chigawo chonse pamodzi kumasungunula mavoti a achikuda. Khoti la apilo linadzatembenuza chigamulocho, koma mlandu ukuyenda makomishonala anangokhalabe pamipando nthawi yawo itatha. M'zaka zomwezo anavomereza kukwera kwa mitengo kangapo, mbali ina pofuna kulipira makina awiri atsopano a nyukiliya pa Vogtle, pafupi ndi Waynesboro, omwe poyamba ankati adya madola 14 biliyoni koma anadya oposa 30 biliyoni, n'kuchedwa zaka zisanu ndi ziwiri. Chisankho chitachitika mu Novembala 2025, papepala m'madera ambiri mulibe dzina lina lililonse lalikulu, Alicia Johnson ndi Peter Hubbard a Democratic anagwetsa makomishonala awiri a Republican ndi mpata waukulu. Chipani chawo chinali chisanapambanepo mpando wa boma la chigawo wovoteredwa ndi Georgia yonse kuyambira 2006. Anthu anavota bilu ya magetsi ili m'thumba.

Bwanamkubwa wa Georgia saloledwa kupitirira materemu awiri motsatizana, choncho Kemp pa chisankho cha 2026 alibe malo. Mpando ukatsala pang'ono kukhala wopanda mwini, a pansi aja amayamba kusuzumira m'mwamba. Chris Carr, Burt Jones ndi Raffensperger onse analengeza kuti akuufuna. Geoff Duncan, amene anali wachiwiri wa Kemp teremu yoyamba, anasamukira ku Democratic n'kulengeza zomwezo, kumene anapezako Keisha Lance Bottoms, meya wakale wa Atlanta. Aliyense wokwera amasiya mpando wake pansi, ndipo pamenepo pamabwera maina atsopano oti ine ndi mayi a botolo la madzi aja tikhale pakhonde kuwafufuza mmodzimmodzi.

Kapepala ka pa pampu kaja kanasintha chaka chotsatira chisankho cha 2022, kanayamba kunena Tyler Harper, mlimi wa ku Ocilla. Ndinakajambula n'kuwatumizira achimwene pa WhatsApp. Anayankha m'mawa mwake, nthawi ya kwathu, kuti vendala wina anabwera dzulo ndi sikelo yake kudzagula mtedza, ndipo thumba lomwe kunyumba linalemera makilo 50 pa sikelo ya vendalayo linalemera 46.